KIA mpaka Chileka: makilomita 245 m'mwamba, 335 pansi. Nanga chachangu n'chiti?

Tiyambe ndi manambala, zokambirana zibwere pambuyo. Kuchoka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa bwalo la Chileka ku Blantyre, mukadzera mumlengalenga ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 245. Mukadzera pa msewu wa M1 ndi makilomita pafupifupi 335. Ndege imatenga mphindi za m'ma 40. Galimoto imatenga maola anayi ndi theka kapena asanu, ndiye kuti zonse zayenda bwino panjira.

Munthu ukaona manambalawa umangoti basi, nkhani yatha, ndege yawina 5-0. Koma dikirani kaye amangwetu. Palibe amene amagona pa eyapoti n'kudzukira m'ndege, ndipo palibe amene ulendo wake umathera pa Chileka penipeni kupatula ogwira ntchito pomwepo. Tonsefe timachokera kwinakwake, ku Kawale, ku Area 25, ku Chinsapo, ndipo timapita kwinakwake, ku Limbe, ku Ndirande, ku Bangwe. Mtunda umene uyenera kukukhudzani ndi wochoka pakhomo panu kukafika pakhomo pa kumene mukupita. Wa 245 uja ndi wa oyendetsa ndege.

Ndipo nkhaniyi si ya mabwana okha ayi. Masiku ano achinyamata ambiri akugula matikiti a ndege pa foni. Wina wapeza sukulu kunja, wina ntchito ku Joni, wina waitanidwa ku msonkhano wa masiku atatu ku Nairobi. Pa tikitipo pamalembedwa zilembo zitatu, LLW kapena BLZ. LLW ndi Kamuzu, BLZ ndi Chileka. Ukapanda kuziyang'anitsitsa zilembo zimenezi zikhoza kukudyera tikiti yonse, chifukwa pakati pa mabwalo awiriwa pali theka la tsiku la ulendo wa pa tala.

Mabwalowa sali m'tauni

Ichi ndiye chinthu choyamba chimene ambiri sachiwerengera. Bwalo la Kamuzu, lomwe tonse timangoti KIA, linayamba kugwira ntchito mu 1983, patadutsa zaka zingapo likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975. Lili makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa tauni, kulowera njira ya ku Kasungu. Mwamva bwino, kumpoto. Blantyre ali kummwera. Ndiye kuti munthu wa ku Biwi kapena ku Area 36 amene akufuna kupita ku Blantyre pa ndege amayamba ulendo wake mobwerera m'mbuyo, kudutsa tauni yonse, Kanengo yonse, kutalikirana ndi kumene akupita.

Chileka ndi bwalo lakale kuposa KIA, ndipo ndilo linali khomo lalikulu la dziko lino KIA isanamangidwe. Boma linalisintha dzina, pano pa mapepala likutchedwa Bakili Muluzi International Airport, koma kondakitala aliyense akadali kukuwa kuti Chileka, ndiye nafenso tizitero m'nkhaniyi. Lili makilomita pafupifupi 16 kumpoto chakumadzulo kwa tauni ya Blantyre. Kwa munthu wa ku Chirimba kapena ku Machinjiri ndi pafupi. Kwa munthu wa ku Limbe kapena ku Bangwe, ayenera kudutsa kaye m'tauni monse.

Ndiye 335 ija ikuchokera pati? Kuwerengera kwake n'kosavuta. Tauni ya Lilongwe ndi tauni ya Blantyre zatalikirana makilomita pafupifupi 310 pa M1. Onjezanipo 25 a ku KIA. Mbali ya ku Blantyre simuwonjezera kanthu kwenikweni, chifukwa mukamachokera ku Lilongwe mumakhotera ku Chileka pa Kameza musanalowe m'tauni, ndipo kuchoka pa Kameza kupita ku eyapoti ndi kuchoka pa Kameza kulowa m'tauni mitunda yake ndi yofananako.

Bwanji pa intaneti manambala amasiyana?

Mukafufuza mtunda umenewu pa foni mupeza mayankho anayi kapena asanu, mpaka kumaganiza kuti wina akunama. Palibe akunama, kungoti aliyense akuyeza chinthu china.

Mukaona 245, amenewo ndi makilomita a mzere wowongoka, ngati mwamanga chingwe pa KIA n'kuchikoka mpaka pa Chileka. Mukaona 152, ndi mtunda womwewo koma m'mamailosi, chifukwa mailo imodzi ndi makilomita 1.6. Mukaona 132, ndi womwewonso, koma m'mamailosi amene oyendetsa ndege ndi sitima za pamadzi amagwiritsa ntchito, pomwe imodzi ndi makilomita 1.852. Mukaona 310 kapena pafupi pamenepo, ndi msewu, tauni ndi tauni. Mukaona nambala yodutsa 360, mapu anu akudutsitsani ku Balaka, Liwonde ndi Zomba, njira yokongola koma yowonjezera makilomita oposa 50.

Choncho musanakangane ndi munthu kuti wanama, yang'anani kaye kuti pambali pa nambalayo palembedwa km kapena mi, komanso ngati akunena za mabwalo a ndege kapena za matauni.

Makilomita 90 owonjezerawo amachokera kuti?

Apa ndiye pali zosangalatsa. Tengani mapu a Malawi, ikani rula pa Lumbadzi ndi pa Chileka, jambulani mzere. Muona kuti mzerewo sukhala m'Malawi monse. Ukangodutsa kumadzulo kwa Dedza umalowa m'dziko la Mozambique, kudula chigawo cha Angonia cha ku Ulongwe uko, kenako n'kudzalowanso m'Malawi cha kumapiri a ku Ntcheu ndi Neno. Njira yachidule kwambiri pakati pa mizinda yathu ikuluikulu iwiri imadutsa kwa eni ake.

Msewu sungachite zimenezo. M1 imazungulira ngodya imeneyi potsata malire. N'chifukwa chake pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo amene mbali imodzi ya msewu ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique. Pa Lizulu mukhoza kutsika basi ku Malawi n'kuwoloka msewu kukagula tomato ku Mozambique opanda pasipoti, ndipo nthawi zina foni yanu imakulandirani ndi uthenga wa netiweki ya kumeneko.

Chachiwiri ndi mapiri. KIA ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,230 kuchokera pa nyanja ya mchere. Pofika pa Dedza msewu wakwera mpaka mamita pafupifupi 1,600. Ukadutsa Ntcheu umayamba kutsika, ndipo pofika ku Zalewa m'chigwa cha Shire uli pansi pa mamita 500. Kenako umakweranso kupita ku Blantyre. Chileka ili pa mamita pafupifupi 780, tauni ya Blantyre yadutsa 1,000. Msewu wokwera ndi kutsika chonchi sungawongoke, umakhotakhota kufuna malo oti lole yodzaza simenti ikwere osabwerera m'mbuyo.

Chachitatu ndi mtsinje wa Shire. Ndege siufunsa. Galimoto iyenera kupita pomwe pali mlatho, ndipo pa M1 mlathowo uli pa Zalewa. Chachinayi n'chakuti msewu sunamangidwire anthu a ku Lilongwe ndi Blantyre okha. Uyenera kudutsa pa boma la Dedza, pa boma la Ntcheu, ndi m'misika yonse ya pakatipa. Kukhota kulikonse kuli ndi chifukwa chake, ndipo mukaphatikiza zonsezi ndiye makilomita 90 aja.

Tiyeni tiuyende msewuwo

Mwatuluka pa geti ya KIA, mwalowa M1. Mayeso oyamba ndi Lilongwe yemweyo. Kanengo ndi malole ake, Area 18, kenako musankhe kudzera m'tauni pa mlatho wa Lilongwe kapena kuzungulira pa msewu wolambalala umene umakatulukira ku mphambano ya ku Bunda. Ngati ndi 7 koloko m'mawa kapena 5 koloko madzulo, chigawo chokhachi chikhoza kukudyerani ola lathunthu musanayambe n'komwe ulendo weniweni.

Mukatuluka m'tauni pali Nathenje, Kamphata, Chimbiya ndi Linthipe. Paliponse pamenepa liwiro limatsika, makamaka tsiku la msika pomwe anthu, njinga za kabaza, ngolo ndi mbuzi zonse zili pa tala pomwepo. Musanalowe pa Dedza pali toll gate ya Kalinyeke. Dedza ali makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, ndipo m'miyezi ya June ndi July m'mawa kumakhala chifunga choti galimoto ya patsogolo panu mumangoiona magetsi.

Kuchoka pa Dedza ndi Bembeke, Lizulu, mphambano ya ku Tsangano, Biriwiri, kenako Ntcheu. Pa Ntcheu ndiye kuti mwafika cha pakati pa ulendo. Apa ndi pomwe ambiri amaima kuwongola miyendo ndi kugula tchipisi. Kutsogolo pang'ono pali toll gate yachiwiri ya Chingeni, yomwe inayamba kulipiritsa mu 2021. Pa Chingeni pomwepo mpomwe njira ya ku Balaka ndi Zomba imapatukira kumanzere. Wopita ku Chileka apitirire ndi M1.

Kuyambira pamenepa juzi ija muivule. Senzani, Phalula, Kammwamba, kutentha, milambe ndi matumba a makala m'mbali mwa msewu. Pa Zalewa pamakumana msewu wochokera ku chipata cha Mwanza, ndiye malole ochokera ku Tete, ku Zimbabwe ndi ku South Africa amalowa mu M1 pomwepa. Pali rodibuloko ya apolisi, pali mlatho. Mukawoloka, kwatsala makilomita osakwana 60, koma ndi okwera, ndipo nthawi zambiri mumakhala kumbuyo kwa lole yoyenda ngati ikupita ku maliro. Mdeka, Lirangwe, Lunzu, kenako Kameza. Khoterani kumanja, mwafika.

Ndiye mukamva munthu akuti "ine ndimayenda maola atatu okha", muzimuyang'ana kawiri. Pafupifupi msewu wonsewu ndi wa mizere iwiri yokha, wina wopita wina wobwera. Mukawerengera misika, ma toll gate awiri, marodibuloko ndi malole, liwiro lenileni la ulendo wonse limakhala cha m'ma 70 pa ola. Gawani 335 ndi 70, mupeza maola anayi ndi mphindi pafupifupi 50. Amene akuchepetsa kwambiri nthawi imeneyi akupitirira magalimoto pa makona osaoneka kutsogolo. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Nanga ndegeyo, bwanji mphindi 40?

Kampani imene imanyamula anthu pakati pa mabwalo awiriwa ndi Malawi Airlines. Inayamba kuuluka mu January 2014 Air Malawi itatsekedwa, ndipo boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100 pomwe Ethiopian Airlines ili ndi 49. Ili ndi ndege za mtundu wa Boeing 737 komanso Dash 8 Q400, ija ya mapulopela awiri yonyamula anthu pafupifupi 70.

Q400 ikakhazikika m'mwamba imathamanga makilomita oposa 600 pa ola. Amene masamu sanakuthaweni mwawerengera kale kuti makilomita 245 pa liwiro limeneli ndi mphindi 25 zokha. Nanga 40 zikuchokera kuti? Nthawi yolembedwa pa tikiti imayambira pomwe ndege yasuntha pamalo oimikapo mpaka pomwe yaima mbali inayo. M'katimo muli kuyenda pang'onopang'ono kupita kumayambiriro a msewu wonyamukira, kukwera, kutsika, ndi kuzungulira kuti itere moyang'anana ndi mphepo. Pa ulendo waufupi chonchi, ndege ikangomaliza kukwera imakhala yatsala pang'ono kuyamba kutsika. Liwiro la 600 lija imaligwira kwa mphindi zochepa chabe. Komanso siitsata rula yanu ija ndendende, imatsata njira zimene oyang'anira mlengalenga aipatsa, ndiye mtunda weniweni umaposako 245.

China choti mudziwe n'chakuti ndege si minibasi ya pa Wenela yoti ikadzaza ina ibwera. Maulendo a pakati pa KIA ndi Chileka ndi owerengeka pa tsiku, ndipo ena mwa iwo ndi chigawo chabe cha ulendo wautali wopita kapena wochokera ku Johannesburg. Nthawi yake inakonzedwa potengera ulendo waukuluwo, osati potengera intavyu yanu ya 9 koloko ku Ginnery Corner. Ngati ndege yokhayo imene ilipo ikutera masana, mphindi 40 zija sizikuthandizani kanthu.

Tsopano tiwerengere khomo ndi khomo

Tiyerekeze anthu awiri. Woyamba amakhala ku Kawale, akupita ku Limbe. Pa ndege: kuchoka kunyumba kufika ku KIA, mphindi 50 mpaka ola. Kufika msanga kuti achite check-in ndi kusechedwa, ola limodzi ndege isananyamuke, apo ndiye wachepetsa. Ulendo wa m'mwamba, mphindi 40. Kutsika ndi kudikira chikwama, mphindi 20. Kuchoka ku Chileka kudutsa m'tauni mpaka ku Limbe, mphindi 45. Zonse pamodzi ndi maola atatu ndi theka kapena kuposerapo. Pa galimoto, munthu yemweyu ali kale kummwera kwa Lilongwe, sayenera kubwerera ku Lumbadzi, ndiye Kawale mpaka Limbe ndi maola anayi ndi theka kapena asanu. Ndege yamupulumutsira ola limodzi, mwina ola ndi theka.

Wachiwiri amakhala ku Area 25, akupita ku Chirimba. Kufika ku KIA ndi mphindi 25. Ola la check-in, mphindi 40 m'mwamba, 20 za chikwama, 20 zina kufika ku Chirimba. Maola awiri ndi mphindi 45. Pa msewu ayenera kudutsa Lilongwe yense kaye, ndiye maola asanu ndithu. Ameneyu ndege yamupulumutsira maola oposa awiri.

Mwaona? Mabwalo omwewo, ndege yomweyo, koma phindu lake likusiyana kawiri potengera kumene munthu amakhala. Ndipo 5-0 ija yasanduka 2-1.

Pali pomwe ndege imawina mosakayikitsa. Ngati muyenera kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo, pa msewu ndi maola khumi, ndipo obwererawo muwayenda usiku, nthawi yomwe malole owonongeka amaima pa msewu ndi nthambi za mitengo m'malo mwa zizindikiro, komanso njinga zopanda magetsi zili mbwee. Ngati mukuyenda ndi munthu wodwala kapena agogo amene sangakhale pampando maola asanu, ndegenso ndi yabwino. Ndipo pa chitetezo tisanamizane, ngozi zimene timamva pafupipafupi ndi za pa M1.

Msewu nawo uli ndi pomwe umawina. Mumanyamuka nthawi imene mwafuna. Katundu palibe amamuyeza pa sikelo kuti mulipire zowonjezera. Thumba la mbatatesi ya pa Lizulu ndi kabichi wa amayi anu zimakwera nawo. Ndipo ngati kumene mukupita si Blantyre weniweni koma Ntcheu, Balaka kapena Mwanza, ndege iiwaleni, chifukwa ikakusiyani ku Chileka muyambanso ulendo wobwerera.

Nkhani ya m'thumba

Mitengo ikusinthasintha, makamaka chichokereni November 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndiye chofunika kwambiri ndi kadziwidwe ka kuwerengera, manambala muikemo a tsiku limene mukuyenda.

Mtengo wa ulendo wa pa ndege si tikiti yokha. Ndi tikiti, kuphatikiza thiransipoti yopita ku KIA, kuphatikiza yochoka ku Chileka. Si zachilendo kuti takisi yochoka m'tauni kupita ku KIA ikudyereni ndalama yofanana ndi tikiti ya kochi ya Lilongwe mpaka Blantyre. Tikiti ya ndegeyo payokha imaposa ya kochi kangapo konse. Makochi monga a AXA, Sososo ndi Kwezy amakutengani m'tauni n'kukakusiyani m'tauni, pa nthawi yoikika. Mabasi a pa depoti ndi otsikirapo mtengo, koma amenewo amanyamuka akadzaza ndipo amaima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja, ndiye pa maola asanu aja muwonjezepo awiri kapena atatu.

Ngati muli ndi galimoto, tiyerekeze kuti imayenda makilomita 12 pa lita imodzi. Makilomita 335 ndi malita pafupifupi 28, kupita kokha. Onjezani ma toll gate awiri. Mukakhala nokha ndi zodula. Mukakhala anayi n'kugawana, aliyense akulipira malita 7 basi. Koma nthawi ya vuto la mafuta muwerengerenso maola oima pa mzere, ndipo musanyamuke ndi theka la thanki podalira kuti mukathira pa Ntcheu.

Kenako chitani samu iyi. Tengani mtengo wonse wa pa ndege, chotsanipo mtengo wonse wa pa msewu, zotsalazo mugawe ndi maola amene mwapulumutsa. Yankho lake ndi mtengo umene mukugulira ola limodzi. Dzifunseni ngati ola lanu tsiku limenelo likufika pamenepo. Tsiku la intavyu ya ntchito kapena la maliro a kholo, mwina likufika. Tsiku lokaona chibwenzi Loweruka, mudziwa nokha.

Tikiti yalembedwa LLW koma inu muli ku Blantyre

Apa ndi pomwe anthu amalira, ndiye tiyende pang'onopang'ono. Nthawi zina tikiti yopita kunja imatsika mtengo mukanyamukira ku KIA kusiyana ndi ku Chileka, kapena ndege ya tsiku limene mukufuna ikunyamukira ku Lilongwe kokha. Palibe cholakwika kuigula, bola muwerengere nthawi chobwerera m'mbuyo.

Tinene kuti ndege yanu ikunyamuka 1 koloko masana. Pa ulendo wa kunja makampani ambiri amalangiza kufika maola atatu isananyamuke, ndiye 10 koloko mukhale muli pa KIA. Kuchoka pomwe basi yakutsitsani m'tauni kufika ku Lumbadzi, ikani ola limodzi, ndiye 9 koloko mukhale mwalowa mu Lilongwe. Chotsani maola asanu a pa msewu, mwafika pa 4 koloko m'bandakucha. Onjezani ola limodzi la zadzidzidzi, tayala kuphulika kapena lole kugwa n'kutseka msewu, ndiye kuti ku Blantyre munyamuke 3 koloko usiku. Kochi ya 7 koloko m'mawa ikakufikitsani m'tauni cha m'ma 11:30 kapena 12, ndipo pofika pa KIA mupeza atseka kale. Yankho lake ndi limodzi, pitani dzulo lake mukagone ku Lilongwe. Ndalama ya malo ogona, kapena mphasa ya kwa azakhali ku Area 49, muiwerengere pa mtengo wa tikiti "yotchipa" ija musanaigule.

Ngati mwasankha kuuluka kuchoka ku Chileka kupita ku KIA kuti mukakwere ndege ina, yesetsani kuti maulendo onse awiri akhale pa tikiti imodzi. Zikakhala choncho, ndege yoyamba ikachedwa ndi udindo wa kampani kukupezerani ina. Mukagula matikiti awiri osiyana, yoyamba n'kuchedwa, yachiwiriyo imakuonani ngati munthu amene sanabwere basi, ndipo kusintha tsiku mulipira nokha.

Palinso msampha wina umene ambiri saudziwa. Tinene kuti tikiti yanu ikuyambira ku Chileka, kudzera ku KIA, kenako kunja. Mwapezeka kuti muli kale ku Lilongwe pa zifukwa zina, ndiye mukuganiza zongokwerera pa KIA. Musachite zimenezo musanalankhule ndi kampani kapena amene anakugulitsani tikiti. Makampani ambiri a ndege, mukaphonya chigawo choyamba cha ulendo, amafafaniza zigawo zonse zotsala, kuphatikizapo ulendo wobwerera.

Yang'ananinso tsamba lobwerera. Kunyamukira ku BLZ sikutanthauza kuti mudzateranso ku BLZ. Ndipo ngati mukukalandira m'bale wochokera kunja, mawu oti "ndifika ku Malawi Lachinayi masana" asakukwanireni. Muuzeni akutumizireni chithunzi cha tikiti muone zilembozo ndi maso anu. Safunsa anadya phula. Palibe chowawa ngati kuima pa Chileka ndi maluwa m'manja, mchemwali wanu ali pa KIA ndi masutikesi atatu, pakati panu pali maola asanu.

Zinthu zimathanso kusintha mutagula kale tikiti. Mu January 2019 South African Airways inaimitsa maulendo ake a ku Chileka kwa kanthawi, oyang'anira za ndege a ku South Africa atapeza zofooka pa chitetezo cha bwaloli, monga mpanda ndi zipangizo zozimitsira moto. Anthu a ku Blantyre amene anali ndi matikiti anayenera kufuna njira zina. Choncho kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, tsegulani imelo ndi mauthenga a pa foni muone ngati bwalo kapena nthawi sizinasinthe.

Mwachidule, musananyamuke

Yang'anani zilembo zitatu pa tikiti, popita ndi pobwerera. Werengerani nthawi kuyambira pakhomo panu, osati pa geti ya eyapoti. Pa msewu ikani maola asanu kuchoka bwalo lina kufika linzake, ndi ola lina lapadera. Ngati ndege ya kunja ikunyamuka isanakwane 3 koloko masana ku mzinda umene simukhalako, kagoneni komweko. Ngakhale pa ulendo wa m'dziko momwemuno, tengani chitupa cha unzika kapena pasipoti, ndipo dzina la pa tikiti lifanane ndi la pa chitupacho.

Ndipo mnzanu akadzakufunsani kuti Lilongwe mpaka Blantyre chachangu n'chiti, musathamangire kuyankha kuti ndege. Mufunseni kaye kuti amakhala dera liti, ndipo akuyenera kufika nthawi yanji.